Mipeni ya Mlombwa ya a Ramoni

Mdzukulu wanga wandionetsa pa foni anyamata a ku Philippines akuphunzira kumenyana ndi mipeni, ndipo fungo la mlombwa wopala kumene landibwerera m'mphuno.

Bambo anga anali kalipentala pa Mitundu. Tsiku lina anasema mipeni iwiri yamtengo, yosathwa, n'kundituma kuti ndikapereke kwa a Ramoni, Mfilipino amene ankaphunzitsa zaulimi. Ine ndinkayesa yotakasira phala.

M'mawa mwake ndinasuzumira pampanda wawo waudzu. Akazi awo, a Luzi, atavala buluku, ankathamangitsira mpeni pakhosi pa amuna awo, iwo n'kumautchinga ndi dzanja, fumbi lili koboo. Ndinalowa ndikukuwa, n'kuwagwira mwendo mayiwo.

"Musawaphe! Chonde musawaphe!"

A Luzi anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anandionetsa mpeniwo, utapakidwa choko. Shati ya a Ramoni inali mizeremizere yoyera, koma ya a Luzi inalibe ngakhale kadontho.

"Ine anandiphunzitsa atate kwathu," anatero a Luzi m'Chichewa chawo chodukaduka. "Gwira apa, mtsikana. Usayang'ane mpeni, yang'ana phewa."

Dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditawalemba a Ramoni mzere pamimba, iwo n'kudzigwetsa mwadala.

Nditawafotokozera bambo, anatsitsa mawu. "Za mipeni uza aliyense. Za bulukulo usatchule, angawapirikitse m'dziko muno." Masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala buluku. Sindinauze munthu, ndipo ndinkapitako Loweruka lililonse mpaka anabwerera kwawo.

Ndakalamba tsopano, koma sindinaonenso banja lokhulupirirana ngati la anthu awiri aja, amene ankalozana mipeni pakhosi uku akuseka.