Kompyuta Inadula Dzina la Abambo

A Lestina anali mlembi pa ofesi ya esiteti ina ya tiyi ku Thyolo kuyambira nthawi ya taipi yogogoda ija. Anakalambira pa mpando umodzimodzi, mabwana akubwera n'kumapita, palibe ndi mmodzi yemwe amene anawafunsapo kwawo. Kompyuta itafika mu 1998, iwo ndiwo anayamba kuigwira, anzawo akuizemba ngati iluma.

Bambo awo, a Yesaya, anathera moyo wonse akuthyola tiyi, ndipo tsopano chifuwa chinali chitawagoneka. Nkhawa yawo inali imodzi: adzukulu Chilomwe sankachimva, ngakhale mudzi wa makolo ku Mozambiki sankaudziwa. Choncho masana a Sabata, anthu akaweruka ku tchalitchi, nkhalambayo inkafotokoza mbiri yake. A Lestina sakanagwira cholembera pa Sabata. Ankasunga zonse m'mutu, Lolemba n'kukazitula m'kompyuta pa nthawi ya nkhomaliro, ndi njala yomwe.

Katswiri wa ku Limbe amene anaika makinawo, a Elson, anali atawalimbitsa mtima.

"Musadandaule, mayi. Mukasunga nkhani, kompyutayi imaponya yokha kope lina mu diski iyi."

Sananame. Chimene sananene n'chakuti popatsa dzina kope lija, kompyutayo inkangotola zilembo zisanu ndi zitatu zoyambirira, zotsalazo n'kutaya.

Tsono a Lestina analeredwa bwino, ndipo n'zimene zinawapweteketsa. Mawu a kholo sakanawapatsa dzina lopanda ulemu. Nkhani iliyonse inkayamba chimodzimodzi: "Abambo anga za ulendo", "Abambo anga za thangata", "Abambo anga za ukwati wawo". Akalemba, mutu unkapepuka, zija n'kuziiwala, poti katundu ukatula sumusenzanso.

A Yesaya anamwalira mu Januwale 2001. Dothi la pamanda lisanakhazikike, mphenzi inaomba pa ofesi, kompyuta n'kupsa. A Lestina sanatekeseke. Diski inali m'chikwama.

A Elson atabwera ndi kompyuta ina, anailowetsa diskiyo. Munali dzina limodzi lokha, lodukaduka: ABAMBOAN.BAK. Kwa makinawo nkhani zonse zija zinali ndi dzina limodzi, ndiye yatsopano iliyonse inkafufuta inzake. Zaka ziwiri zathunthu kompyutayo inkadya mbiri ya munthu mwakachetechete, mwiniwake akuipukuta fumbi m'mawa uliwonse.

"Mukanangozipatsa manambala, mayi," anatero a Elson.

"Manambala? Kodi bambo anga ndi dengu la tiyi?"

A Lestina zinawawawa kwambiri, ndipo mpaka lero sanakhululuke. Bambo awo anafika pa esiteti ndi dzina lalitali la Chilomwe, kapitawo n'kulikana kuti likuvuta kutchula, n'kuwatcha Yesaya. Tsopano makina nawonso anali atachita zomwezo.

A Lestina anapuma pa ntchito mu 2009, n'kukakhala kwa Goliati kumalima tomato. Adzukulu akafunsa kuti kwathu kwenikweni n'kuti, amangoloza chakum'mawa. Dzina la mudzi linapita, la mtsinje umene makolo anawoloka linapitanso.

Nkhani imodzi yotsala ija anaisindikiza tsiku lomwe lija a Elson analowetsa diski. Inali ya Sabata lomaliza, ndipo anailemba mokhulupirika monga zinzake zonse. Pepala lonse lili ndi mzere umodzi wokha: "Lero ndatopa, mwananga. Za amayi anga tidzakamba Sabata likubwerali."