Ndani Anakonza Sipika Yanga?

Chaka chomwe chimanga chathu chinapsa ndi dzuwa, ndinauza mkazi wanga Rozalina kuti ndikupita ku Lusaka. Ku Nsadzo ndinkakonza masipika, makamaka aja oulungika ngati dzira, omwe anthu amachotsa m'magalimoto akutha n'kuwakhazika pakamwa pa mtsuko kuti ng'oma izimveka. Ntchito inalipo, koma ondilipira ankabwera ndi maungu. Ndinakakwera lole pamalire pa Kasakatiza, ana athu awiri akuganiza kuti ndibwera madzulo.

Sipika ya m'nyumba mwathu ndinaisiya yong'ambika m'mphepete. Za anthu ndinkakonza, yanga ndinkangoti mawa. Nyimbo ikafika pa ng'oma inkachita phwerere ngati mavu agwera m'chitini.

Ku Lusaka ndinalembedwa pa kabenchi ka bambo wina pafupi ndi pokwerera maminibasi. Kumeneko sankamata zigamba. Pepala la sipika likang'ambika, unkalidula ndi lezala, kupala guluu wakale, kulowetsa tizidutswa ta filimu ya kuchipatala kuti koyilo, waya wozengeza uja, ikhale pakatikati, n'kumata latsopano. La sipika ya dzira ndi lamwano: ukangolipendeketsa pang'ono, limakhula mpaka kupsa. Ndinaphunzira, ndipo oyendetsa maminibasi anayamba kundifuna ndi dzina. Ndinkagona kuseri kwa benchiyo, ndalama ndinkatumiza ndi a malole. Lamlungu ndiye linkandipweteka. Mzinda wonse uli phokoso, koma wondifunsa ngati ndadya panalibe.

Lamlungu lina ndinaimba foni kunyumba. Kumbuyo kwa mawu a Rozalina kwaya inkaimba pa wailesi, ng'oma ikugunda bwinobwino. Phwerere uja panalibe. Ine zina ndingalakwitse, koma khutu langa silinama.

"Mwagula sipika ina?"

"Ayi, ndi yomwe ija munaisiya."

"Wakonza ndani?"

Anaseka. "Mudzaona mukabwera, bambo a Tereza."

Kuseka kumeneko kunandilowa ngati munga. Ku Nsadzo konse wodziwako za masipika kupatula ine anali mmodzi, Bento, yemwe anamufunsira Rozalina ine ndisanamufunsire, ndipo tsopano anali ndi njinga yamoto. Ndinkamuona m'maganizo atakhala pampando wanga, akudikira guluu kuti aume. Guluu amachedwa kuuma, ine ndikudziwa. Nanga podikirapo ankakamba zotani? Nsanje inandidya, sindibisa. Chakudya chinasiya kutsika. Ndinapendeketsa masipika awiri a minibasi sabata imodzi, bwana n'kundidula malipiro. Mwezi wotsatira sindinatumize kalikonse. Ndinati awadyetse Bento yemweyo.

Kenaka ndinagula mapepala a dzira atsopano odzaza chikwama, oti ndikamuthere nawo ntchito Bento, n'kunyamuka osauza munthu.

Ndinafika masana, Rozalina akusenda chinangwa. Moni wake ndinangomuyankhira pakhosi. Ndinalowa m'nyumba, n'kuzula sipika pamtsuko, n'kupita nayo padzuwa. Pepala linali lakale lomwe lija, koma m'mphepete monse munali nsalu yakuda ya ambulera, yodulidwa mopingasa monga amachitira osoka zovala. Inakhota bwino mpaka kunsonga kopapatiza kuja, komwe zigamba zanga zinkachita makwinya nthawi zonse. Ndinadina ndi zala ziwiri. Inalowa n'kubwerera osakhula. Bento sangachite zimenezo, amapaka guluu ngati akupatsa mwana phala.

"Nanga ndani?" ndinafunsa, mawu atachepa.

Anapukuta manja n'kunditsogolera kuseri kwa nyumba. Pamphasa panali masipika oyanikidwa: ya kuparokiya, ya mnyamata wa kanema kumsika, ina yolembedwa dzina la Bento ndi penti.

"Ndalama zanu zikachedwa ana akanadya chiyani?" anatero. "Zaka zonse zija ndinkakugwirirani pepala inu mukumata. Munkayesa ndikuyang'ana kumwamba?"

Mtima unakhala pansi, koma sizinatenge nthawi. Nsanje ya Bento itangochoka, inalowa ina, ndipo iyi inalibe woti ndikamuyambe ndewu. Ine ndinagona pasimenti m'dziko la eni kuti ndikaphunzire ntchitoyi, wina wandiposa ali pakhomo, ndi lumo losokera ndi ambulera yakutha. Ana anali onenepa. Denga la khitchini linali lofolera kumene. Palibe chomwe chinkandidikira kuti ndidzachikonze.

Tili chiimire, kunamveka belu la njinga. Anali a Fulujensiyo, akatekisita athu, atamangirira sipika ya dzira pakaliyala. Anandikumbatira, nafunsa za ku Lusaka, nati ndawala. Ndinatsegula chikwama kuti aone mapepala atsopano, n'kutambasula manja kuti ndilandire sipikayo. Iwo anaikumbatira pachifuwa.

"Pepani, bambo. Iyi ndi ya ukwati wa Loweruka, siyoyesera. Aione amayi."

Ndinatseka chikwama. Rozalina analandira sipikayo. Anakhala pamphasa, nadula nsalu yake, napaka guluu mozungulira. Atafika kunsonga anakweza maso.

"Bambo a Tereza, tagwirani apa. Musapendeketse."

Ndinagwada, n'kugwira.