Manotsi anga ndi bambo a Felesiya

Lachiwiri masana ndinali pakhonde kuthothola mtedza pamene ndinamva odi wapansipansi kuseri kwa nkhokwe. Anali mtsikana wovala yunifolomu yosuluka, miyendo ili mbuu ndi fumbi la ku Chulu. Anagwada chapatali n'kunena kuti dzina lake ndi Felesiya, ali Fomu 4, ndipo amakhala pa esiteti ya fodya ya kutsidya kwa dambo, kumene bambo ake ndi tenanti.

"Kutchalitchi anandiuza kuti munaphunzitsa Chichewa zaka zambiri, sala. Ndimati mundionereko pepala langa."

Mukudziwa inu, mphunzitsi wopuma pa ntchito akamva mawu akuti sala amafufuma ngati finye. Ndinasasa m'manja, kuitanitsa magalasi kwa mayi a kunyumba, n'kukhala bwinobwino pampando.

Linali pepala la mayeso oyeserera, aja ana amati a moko. Funso linali lakale lomwe lija: fotokozani khalidwe la mpangankhani wamkulu, ndipo onetsani m'mene khalidwelo likutulutsira mfundo yaikulu ya bukuli. Mwanayo anadzaza tsamba lonse ndi zilembo zazing'ono zaukhondo. Pambali pake panali ziro wamkulu, woti ungakhazikepo mtsuko.

Dzina la bukulo ndilisiya, silikutithandiza pano. Nkhani yake ndi ya bambo wina wogwira ntchito pa munda wa bwana. Tsiku lina bwanayo akumuomba mbama pamaso pa mwana wake. Bamboyo sakubwezera, sakutukwana. Akuyamba wayang'ana mwanayo kaye, kenako akuvula chipewa, kupepesa, n'kubwerera pa mzere wake. Wolemba akungowonjezera kanthu kamodzi, kuti atafika kunyumba mkazi wake anapeza chipewa chija chitabooka malo amene munagwira zala.

Felesiya analemba kuti bambo ameneyu ndi wolimba mtima. Anati munthu amene waboola chipewa ndi zala ndiye kuti mkwiyo anali nawo wokwanira kuthyola nsagwada za bwana, koma anayang'ana mwana n'kukumbukira kuti akachotsedwa ntchito mwanayo alibe kogona. Mfundo yaikulu, malinga ndi iye, inali yakuti umphawi umalanda munthu chilichonse, mpaka ufulu wokwiya.

Ndinawerenga kawiri. Zaka zonse zimene ndinagwira choko, sindikumbuka mwana amene anandiyankhapo chonchi.

"Zimenezi anakuuza ndani, mwanawe?"

"Palibe, sala. Buku ndinabwereka Lachisanu, n'kumaliwerengera m'chigafa choumitsiramo fodya ndikamapuma posankha. Koma munthu ameneyu ndimam'dziwa. Ndi bambo anga."

Anandifotokozera. Mu Januwale, mvula ili pakati, kapitawo wa pa esiteti anawatukwana bambo ake pagulu chifukwa cha mizere imene inakokoloka ndi madzi. Anawatchula mayina amene sindingalembe m'nyuzipepala, ana awo ali pomwepo. Bambowo anangoti pepani. Kwawo ndi kutali kummwera, ndipo kulibe ngakhale kamunda kowadikira. Patapita kanthawi Felesiya anawapeza kuseri kwa chigafa ataluma kolala ya malaya awo.

"Munthu wamantha saluma malaya, sala. Amathawa, n'kutisiya ife."

Ndinam'funsa kuti nanga aphunzitsi ake amafuna yankho lotani. Anatulutsa m'chikwama mapepala anayi omangidwa ndi ulusi wosokera fodya. Anali manotsi a fotokope, ofotokopedwa kuchokera ku fotokope ina, mpaka zilembo zinkaoneka ngati nyerere zonyowa. Pansi pa dzina la bambo wa m'buku uja panali mawu asanu: wamantha, wogonjera, wopanda nzeru, wosateteza banja, wofooka. Pansi pakenso panali mzere umodzi wakuti mantha ndi amene amam'khazika munthu mu ukapolo.

Koma ine maso anga sanali pa mawuwo. Anali pa chilembo cha m, chimene paliponse chinkadumphira pamwamba pa mzere. Taipi yolembera ya matenda amenewo ndimaidziwa ngati dzino langa lobooka. Inali ya mu ofesi ya sukulu yoyamba imene ndinaphunzitsapo, cha ku Kapelula.

Manotsiwo ndinalemba ndine.

Sindinam'uze. Ndinatsokomola, n'kunena kuti andisiyire mapepalawo abwere Lachisanu. Atangokhota pa nkhokwe, mayi a kunyumba, amene ankapeta mtedza ngati sakumva, anati, "Si zanu zija munkanyadira izi, abambo? Zija munkati zafika mpaka ku Mchinji?"

N'zanga ndithu. Ndinali mnyamata wongochoka kukoleji, mwana wa mkulu wa mpingo, wokulira pa munda wa makolo pamene palibe munthu akanatithamangitsa. Mbama imene ndinalawapo inali ya bambo anga okha. Bukulo ndinaliwerenga kamodzi, mothamanga, pa holide. Ana anali ambiri, mabuku anali ochepa, ndiye ndinaganiza zowathandiza: mpangankhani aliyense ndim'patse mawu asanu oti ana aloweze. Chipewa chobooka chija sindinachione n'komwe. Ndinaona munthu womenyedwa osabwezera, magazi a unyamata n'kundiuza kuti ameneyu ndi wamantha.

Lachitatu ndinapalasa njinga kupita kusukulu ya Felesiya. Mphunzitsi wake, a Chirwa, ndi bambo wachinyamata waulemu amene ndinawaphunzitsa kale, ndipo atandiona anadzuka ndi manja awiri.

"Sala! Manotsi anu aja ndi amene anandikhozetsa ine. Mpaka pano ndimaphunzitsira omwewo."

Ndinawauza kuti manotsiwo ndi olakwa, ndipo mwana amene anam'patsa ziro ndi amene analiwerenga bukulo bwino kuposa ife tonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandilozera kalasi, ana atapanikizana mpaka pakhomo, ndi kabati m'mene munali mabuku atatu, limodzi lopanda chikuto.

"Ndikumva, sala. Koma mayeso atsala milungu yochepa. Wochonga amakhala ndi mulu wa mapepala, maso ake amangosaka mawu amene anazolowera. Mwina pepala la mwanayu ligwera wina woleza mtima, mwina ayi. Inu mungamuuze kuti ayesere mwayi? Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Ankanena zoona, inenso ndinakhalapo wochonga. Ndikudziwa m'mene mutu umazungulirira dzuwa likapendeka, pamene tsamba lodzaza ndi maganizo a mwana limaoneka ngati chilango, ndipo mawu asanu oloweza amaoneka ngati madzi ozizira.

Tsono ndikufunseni, owerenga. Kodi timawapatsiranji ana mabuku amenewa?

Wolemba wodziwa ntchito yake sakuuza kuti munthu uyu ndi wotere. Amakuonetsa kumene munthuyo wayang'ana asanayankhe, zimene manja ake akuchita pakamwa pakunena zina. Mfundo ya buku imakhala mmenemo, ndipo umaifukula wekha ngati mbatata. Mwana akaphunzira kuwerenga munthu wa m'buku chonchi, mawa adzadziwa kuwerenga munthu wa pamsewu. Phindu lake ndi limenelo, palibenso lina.

Ife tinaidula ntchito imeneyi pakati. Tinaphunzitsa ana kuti munthu ndi mawu asanu, ukawaloweza wathana naye. Ndipo musaganize kuti zimathera m'kalasi.

Khalani pa benchi ya pa golosale nthawi yogulitsa fodya mumve. Matenanti ndi akuba. Matenanti ndi osasamba. Matenanti alibe nzeru, n'chifukwa chake chaka ndi chaka amabwerera ku esiteti komweko. Amene akunena zimenezi ndi anthu opemphera, ena ndi ana anga a m'kalasi. Afunseni dzina la tenanti mmodzi, kumene anachokera, chimene chinam'chotsa kwawo. Sadziwa, ndipo safuna kudziwa. Anakhoza kale mayeso a za matenanti.

Tenanti akamwalira pa esiteti timam'kwirira kumphepete kwa manda, mwamsangamsanga, mlaliki n'kupeza mawu awiri atatu oti anali wofatsa. Wofatsa! Ndani anapita kuseri kwa chigafa kukaona kufatsako?

Ndinaganiza zolemba manotsi atsopano. Mayi a kunyumba anandiseka, osati mwankhanza. Anati, "Muwatumiza kwa ndani? Akalewo alibe dzina lanu, alibe mwini, ali m'chikwama cha mwana aliyense kuyambira kwa Mwase mpaka uko. Atsopanowo adzati ndi a nkhalamba ina yosokonezeka ya ku Chulu." Sananame. Madzi akatayika saoleka. Bodza langa lili ndi zidzukulu, likuphunzitsidwa ndi anthu amene amalikhulupirira kuposa ine, ndipo ndidzafa lisanafe.

Zimenezi zikundipweteka, ndinene mosabisa. Ndinkadziona ngati munthu amene anatsegula maso a ana. Sabata ino ndazindikira kuti ndinawapatsa chophimbira, iwo n'kumandithokoza.

Lachisanu Felesiya anabweranso monga tinapanganira. Asanakhale n'komwe anafunsa, "Sala, kodi amene analemba manotsiwa bukuli analiwerengadi?"

"Ndine ndinalemba, mwanawe."

Sanakwiye. Nkhope yake inawala, ndipo chimenecho n'chimene chinandilasa.

"Ndiye zaphweka, sala! Mungosintha."

Ndinam'fotokozera zonse, za a Chirwa, za mulu wa mapepala, za wochonga wotopa. Iyenso anandifotokozera zake. M'banja mwawo palibe anafikapo Fomu 4. Fodya akangogulitsidwa sadziwa ngati chaka chamawa adzakhala pa esiteti yomweyo kapena ina, kotero zobwereza kalasi palibe. Akakhoza bwino akufuna kukaphunzira unamwino. Akalephera, pali kale tenanti wina wa pa esiteti yoyandikana amene wayamba kutuma anthu kwa mayi ake, ndipo tenanti amafuna mkazi woti azim'thandiza kusoka fodya.

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwanayu anayenda mtunda wonse uja kudzazimitsa moto kwa munthu amene anauyatsa.

Ndikanamuuza kuti alembe choonadi, zivute zitani. Ndi mawu okoma kuwanena uli pa khonde lako, penshoni ikubwera, nkhokwe ili yodzaza. Koma wokalipira kukoma kwa mawuwo sakanakhala ine. Inu mukanamuuza chiyani? Musathamange kuyankha, mwanayo si wanu.

"Pamayeso ukalembe zimene zili m'manotsi," ndinatero. "Zako zija usunge mumtima."

"Ndilembe kuti ndi wamantha?"

"Eya."

"Ndi wosateteza banja?"

"Onse asanu, mwanawe. Ndi mfundo yake yomwe."

Kenako anang'amba tsamba pakati pa kope lake, kulitsamiritsa pa bondo, n'kuyamba kulemba. Sizinam'tengere nthawi. Yankho la tsamba lonse lija linasanduka mizere isanu ndi umodzi, zilembo zake zaukhondo zomwe zija. Anandipatsa ndi manja awiri kuti ndichonge, aone ngati waloweza bwino.

Ndinachonga. Mzere uliwonse unali wokhoza.

Ndinam'bwezera tsambalo kuti azikawerenga kunyumba, koma iye anabweza manja kumbuyo.

"Limeneli likhale konkuno, sala. Bambo anga amadziwa kuwerenga."