Mwala wa VaMutyambizi pa Mzere wa Ufa

Chaka chimene masitolo a kwathu ku Chitungwiza anatsala mashelefu okhaokha, munthu ukaona mzere sunkafunsa. Unkayamba waima, mafunso pambuyo. Ndi mmene VaMutyambizi, kondakitala wa basi wopuma ntchito, anaimira mzere wina ku Zengeza thumba lili m'manja, akuyamikira kuti ukuyenda mwaulemu, popanda wokankhana. Nyimbo ankazimva ndithu, koma ankayesa za chipani. Atalowa pakhomo anangoti maso gwa pa bokosi. Unali mzere woona nkhope ya maliro. Mkuluyu anapinda thumba lake, n'kusisima kuposa achibale, ndipo amiseche amati anadyako ndi kabichi wa pamaliropo.

Sanasiye kukhulupirira mzere. "Dziko lagwa," ankatero, "koma mzere ndiye khoti lomwe latsala." Kwathu munthu akatopa ankasiya mwala kapena nsapato kuti imuimirire. Wawo unali wopakidwa penti yobiriwira ya basi, ndipo ankaulemekeza ngati mwana woyamba.

Zipani ziwiri zitagwirana chanza n'kupanga boma limodzi, khansala watsopano anafika pa golosale atavala suti yonyezimira. Anati zokondera zatha, ufa uzigawidwa mwachilungamo, anthu asankhe wapampando wa mzere. Tinasankha VaMutyambizi. Anameta ndevu, n'kufukula chipewa chakale cha ukondakitala.

Pa nthawiyo akazi awo, Mai Chengetai, anali atangopulumuka ku kolera, miyendo ngati bango. Anamwino anati akufunika phala, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale fumbi la ufa.

Tsiku limene lole ya ufa inabwera, mwala wawo unali chapakati. Mai Rutendo, oyandikana nawo nyumba, amene amalankhula ngati akuwaza nkhuni, anawakoka malaya.

"Sekuru, agogo athu, pitani kutsogolo. Tonse tikudziwa za odwala anu."

"Ine wapampando ndidumphe mzere? Mawa ndidzauza chiyani anthu?"

"Mudzawauza kuti akazi anu adya. Inu, chipewachi chakufinyani ubongo eti?"

Anakana. Anayendayenda ndi wenzulo, kubweza anyamata olowerera, kusuntha miyala ya ena kuti isatsalire. Ngakhale mlamu wawo anamubweza kumchira, mpaka lero sayankhulana. Mzere unawongoka ngati wa asilikali, moti khansala anaujambula chithunzi.

Koma wapampando wa mzere amayang'anira khomo lakutsogolo lokha. Kuseri kunaima galimoto ya mkulu wa chipani chakale, pambali pake ya khansala watsopano uja, madalaivala akuthandizana kunyamula matumba mwachikondi chenicheni cha boma la mgwirizano. Patsogolo pa mwala wobiriwira patatsala anthu owerengeka, mwini golosale anatsitsa chitseko.

"Watha, makolo. Mwina sabata yamawa."

VaMutyambizi anaima chilili, wenzulo ili pakamwa, osadziwa woti amuimbire. Kenaka anatola mwala wawo, kuupukuta fumbi, n'kuuika m'thumba lomwe linayenera kunyamula ufa. Anayenda pang'onopang'ono, akukonza mawu okawauza odwala.

Pa mpanda anapeza Mai Rutendo, amene anapezako kathumba, akupungulira ufa m'kambale koti apatsire Mai Chengetai. Mai Rutendo anayankhula osawayang'ana n'komwe kumaso.

"Kale ankatibera ndi galimoto imodzi, pano zilipo ziwiri, inu n'kumawawongolera mzere. Kambaleka n'ka akazi anu. Inu wiritsani mwala wanuwo, mudye chilungamo."