A Chigongono ndi Choko Chawo

Anzawo a masewero a pulu, omenya timipira ndi ndodo patebulo, amawatcha a Chigongono, koma akazi awo amangoti "mtanda wanga". Tebulo lodyera analanda kalekale. M'mawa uliwonse amagonekapo botolo n'kumalowetsa ndodo pakamwa pake, kutulutsa, kulowetsanso, osakhudza galasi. "Chigongono chisagwedezeke, mayi, dzanja lokha liyende," amatero, tiyi akuzizira. Ndipo samenya mpira asanapake choko kunsonga kwa ndodo mpaka zala zonse buluu.

Chaka chino analumbira kuti akatenga chikho pa mpikisano wa pulu, tebulo libwerera kwa mwini wake. Mayi anapita kukaonerera mpikisanowo mtima uli m'mwamba. Pamasewero omaliza, mpira wa naini, wopambanitsawo, unaima pakamwa penipeni pa dzenje. Ngakhale mphepo ikanaugwetsa. Mkuluyo anayamba kupaka choko. Anauzira nsonga, kuiyang'anitsitsa, n'kupakanso.

"Tamenyani, bambo inu!" anakuwa mayi.

Belu linalira, nthawi yomenyera yatha. Mnzawo wopikisana nawo anangoukankha mpirawo, chikho n'kupita.

Pobwerera mkuluyo anati, "Koma nsonga ija munaiona, mayi? Sikanaterereka ngakhale pang'ono."

Mpaka lero mayi amadya mbale ili pamiyendo.