Mizere pa Bwalo la Mpira

Khasu linadumpha. Ndinatemanso, linadumphanso, mpini n'kundigwedeza manja mpaka m'mapewa. Pamenepo panali pagolo, pomwe mlamu wanga ankaima chilimwe chonse kugwira mipira. Dothi linali gwa, ngati njerwa yootcha.

"Alamu, mwapaponda ndinu pano. Bwerani mudzapalime," ndinatero.

Iye anali atakhala m'mphepete mwa munda, akudzipepesa mphepo ndi chipewa. "Ine ndimangoima, alamu. Oponda ndinu akumbuyo, mukamathawa ana a ku Lifidzi n'kudzabisala kwa ine."

Aprofesoro, mphunzitsi wa pasukulu yathu, anaseka pang'ono n'kusiya. Manja awo anali atatuluka kale matuza. Ndi munthu wa m'kalasi, khasu amaligwira ngati akulipepesa. Tinalipo atatu basi, pa munda umene ekipa yonse, timu yathu ya mpira, inaupondaponda kuyambira nthawi yokolola.

Kwathu kuno, kuseri kwa Fonte Boa, malo osalala ndi osowa. Paliponse pamene pagona bwino pali chimanga, nyemba kapena mbatata ya kachewere. Bwalo la kumishoni lili kutali, ndiponso ndi la ana asukulu. Ife chimene tinali nacho ndi pangano. Mayi wina wamasiye ali ndi munda m'mbali mwa mtsinje, wosalala ngati chikhatho. Akakolola, ife tinkachotsa mapesi, kusalaza mizere, n'kumenyapo mpira chilimwe chonse. Mitambo ikayamba kusonkhana, tinkabwera tonse ndi makasu, kugalauza dothi limene taliponda, n'kumupangira mizere kuti mvula yoyamba imupeze ali wokonzeka. Tinapangana zimenezi ndi malemu amuna ake, omwe ankasewera nafe kutsogolo. Atamwalira, mayiyo anati zipitirire.

Kale tsiku la makasu linkakoma ngati la ukwati. Dzulo lake tinkathira madzi pamagolo onse awiri ndi pakati, pomwe pamalimba kwambiri. M'mawa amuna ankafika tambala atangolira, ena ndi makasu, ena ndi pikareta zoswera pouma. Tinkaima mzere umodzi n'kumatema pamodzi, wina akutsogolera nyimbo. Amene anaphonya golo m'chilimwe ankatukwanidwa tsiku lonse. Dzuwa lisanapendeke munda unkakhala utafiira ndi mizere.

Ine ndine kapitawo wa ekipa. Si kuti ndimatha kuposa ena. Ndine wamkulu mwa onse amene akuthamangabe. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi. Ndimalima, ndili ndi mkazi ndi ana, bondo lakumanzere limatupa kukazizira. Zoyankhula sindizitha. Koma Lamulungu masana, tikatuluka ku Misa, ndikavala nsapato zanga zong'ambika n'kuima kumbuyo, mutu wanga umakhala chete. Mpira ukakhala m'mwamba sindikumbukira kuti chimanga chikufuna adubu, feteleza uja, kapena kuti denga likudontha. Ndimangoona mpira ndi munthu amene ndiyenera kumutchinga. Anzanga ena amapeza zimenezi m'botolo. Ine ndinazipeza pa munda wa mayi uja.

Chaka chimenecho ndinayenda khomo ndi khomo. Aliyense anati, "Tibwera, akapitawo, musadere nkhawa." Loweruka litafika, anyamata anakwera shapa, minibasi ya kuno, kupita ku Ulongwe kukaonera mpira wa azungu pa kanema. Ena anagula njinga zamoto, amanyamula anthu, ndipo Loweruka ndi tsiku la msika. Awiri anali atatsikira ku Tete kukafuna ntchito. Wina anatumiza mawu kuti ali ndi maliro a kuchikazi. Maliro amenewo palibe amene anawamva.

Dzuwa litakwera, mayiyo anafika atasenza chidebe cha thobwa. Chinali chidebe chachikulu, cha anthu ambiri, monga mwa chaka chilichonse. Anachitula pansi pa mtengo, n'kuyang'ana munda kuchokera uku mpaka uko.

"Akapitawo, asilikali anu ali kuti?"

"Akubwera, mayi."

"Akubwera ndi mvula?"

Mlamu wanga anadzuka n'kutenga chikho. "Musadandaule, mayi. Munda mwina utivuta, koma thobwali ndiye tilimaliza ndithu."

Mayiyo sanaseke. Anatenga khasu la aprofesoro n'kutema pansi kamodzi. Khasu linalira ngati lamenya mwala. Anayang'ana kadothi kamene kanatuluka, n'kubweza khasulo kwa mwini wake.

"Munda uwu sunali chonchi," anatero. "Amuna anga ankaulima ndi dzanja limodzi."

Anasiya chidebe, n'kupita.

Tinalima mpaka madzulo. Tinangomaliza kachigawo ka kumtunda. Lolemba aprofesoro anabwerera kukalasi. Mlamu wanga anabwera kawiri, kenako anati msana. Sindinamuimbe mlandu, munda wake nawo unkamudikira. Ndinatsala ndekha. M'mawa ndinkatema kwa mayi uja, masana kwanga. Ndinkatunga madzi kumtsinje, kuthira pansi, kudikira kuti alowe, n'kutema. Madziwo ankangoima pamwamba osalowa.

Mkazi wanga anandiyang'ana tsiku lina ndikunola khasu.

"Bambo a ana, mpirawo tidzadya?"

"Ndi pangano."

"Munapangana nokha?"

Ananena zoona. Ndinatenga khasu n'kupita.

Ndinakumana ndi mmodzi wa anyamata aja panjira, ali pa njinga yake yamoto. Ndi amene amatimwetsera zigoli, mwana wothamanga ngati mphepo. Anaima, injini osazimitsa.

"Madala, mukudzipha bwanji? Tisonkhe, tibwereke ng'ombe zilime."

"Liti?"

"Sabata yamawa."

"Pulawo silowa pamenepo. Pakufunika manja."

"Aaa, madala, mvula ikagwa pafewa pokha."

Anandipungira dzanja n'kundisiyira fumbi.

Mvula inagwa isanathe sabata imeneyo. Inabwera masana, yamphamvu, ndi mphepo. Ndinali pamundapo. Ndinabisala pansi pa mtengo n'kumaonerera. Pamene tinaponda madzi sanalowe. Anasonkhana pakati, pomwe timayambira mpira, kenako anayamba kuyenda. Anadutsa pa mizere yochepa imene ndinapanga kumunsi, anaidula, n'kutengera dothi kumtsinje. Mtsinje unafiira. Ndinaima pamenepo mpaka inakata.

M'mawa mwake mudzi wonse unali kubzala. Mayiyo anabzala kachigawo ka kumtunda kaja. Kwina konseko anayamba kugalauza yekha ndi mwana wake wamkazi, dothi litasanduka phala pamwamba, pansi pali pouma. Ine ndinkawathandiza ndikapeza mpata, koma mpata nthawi yobzala kulibe. Anamaliza anzawo akupalira kale. Chimanga chobzala mochedwa kuno sichikhululuka. Chinamera chachikasu, chinakula mpaka m'chiuno, n'kumasula ngayaye chilibe mphamvu. Ndinkadutsa njira ina popita kutchalitchi kuti ndisachione.

Miyezi ya njala itafika ndinamuona mayiyo akupalira m'munda wa munthu wina, wa ganyu. Ndinali ndisanamuonepo akuchita ganyu chiyambire. Anaweramuka, anandiona, n'kuweramanso. Mkazi wanga yemweyo, amene anandifunsa ngati tidzadya mpira, anatapa chimanga m'nkhokwe mwathu n'kukamusiyira. Atabwerako ndinamufunsa kuti anati chiyani.

"Anati zikomo."

"Basi?"

"Mumafuna anene chiyani?"

Nthawi ya mvula mpira sitisewera. Ndimangokhala ndi bondo langa. Chaka chimenecho ndinkaliyang'ana kwambiri. Ndikudziwa kuti zilimwe zimene zanditsalira ndi zochepa. Ana anga aamuna mpira amaukonda wa pa kanema. Ndikasiya ine, palibe wa pakhomo panga amene adzaime kumbuyoko. Sindinauze munthu zimenezi. Ndinkangopaka mafuta nsapato zija kuti zisaume.

Anthu anakolola. Mphepo yozizira inayamba kutsika m'mapiri, udzu n'kuyera. Ndipo anyamata anabwera okha pakhomo panga, osaitanidwa. Anali ambiri. Awiri a ku Tete aja anali atabwerako, mmodzi atavala nsapato za mpira zatsopano, zobiriwira. Anagula ndi mpira womwe.

"Akapitawo, a ku Lifidzi atumiza mawu. Akuti chaka chino atimwetsa mpaka tikhute."

"Munapita kwa mayi aja?"

Anayang'anana. "Ndiye ndinu wamkulu, madala. Inu mukayankhula amamva."

Mitengo ya magolo imakhala kuseri kwa nyumba yanga nthawi ya mvula, pamwamba pa miyala kuti chiswe chisadye. Anaisolola akuimba. Ine ndinasenza umodzi, mlamu wanga wina. Aprofesoro anatipeza panjira. Tinatsika tonse kulowera kumtsinje, ena atanyamula makasu osalazira mizere. Makasu amene sanaoneke nthawi ija, tsiku limeneli analipo ambiri.

Tisanafike tinamva phokoso la injini. Mlamu wanga anasiya nthabwala.

Munda unali utalimidwa wonse, mwakuya, dothi lakuda litatembenuzidwa. Mizere inali yowongoka, yonyowa. M'mphepete mwa mtsinje munali motobomba, makina opopa madzi, ndipo paipi yakuda inakwera mpaka pakati pa munda. Kachewere anali atayamba kale kutuluka, timasamba tobiriwira m'mizere yonse. Bambo wina wa ku Ulongwe, amene amagula kachewere m'midzi muno, anali ataima ndi nsapato za mphira akulozera antchito ake. Mayiyo anali pansi pa mtengo uja, akusola nyemba m'lichero.

Anyamata anatula mitengo pansi. Wothamanga uja ndiye anayamba.

"Mayi, izi ndiye ziti? Bwalo lathu?"

"Bwalo lanu?" Sanasiye kusola nyemba. "Mwana wanga, pano ndi pamunda."

"Koma pangano lija?"

"Pangano lake liti? Tandikumbutsa."

Wa nsapato zobiriwira analowererapo. "Chaka chatha tinatanganidwa, mayi. Chaka chino tilima tonse, ndikulumbira. Ngakhale kupalira tipalira."

"Abambo awo alima kale," anatero mayiyo, akuloza ndi chibwano. "Anabweretsa anthu ndi pikareta, anaswa pamene inu munaponda. Chilimwe ndi chawo, dzinja ndi langa, ndipo mizere ndiipeza yofewa. Chaka chino ndi zaka zikubwerazi."

Bambo wa kachewere anayandikira akumwetulira. Sanali munthu woipa nkhope. "Achimwene, pepani. Mukafuna ganyu yokumba mbatata ikadzakhwima, mudzabwere. Miyendo yamphamvu ndikuiona."

Mlamu wanga anayesa. "Bwana, tisiyireni kangodya kokha. Ine ndine wapagolo, sindifuna malo ambiri."

Bamboyo anaseka. Palibe wina anaseka.

Anyamata anayamba kukangana okha. Wina anati analipo amene sanauzidwe tsiku. Wina anati wa maliro uja ndiye anagwetsa anzake ulesi. Aprofesoro anati mwina tikafunse kumtunda kwa phiri, kuli malo a miyala amene salimidwa. Ndimawadziwa malowo. Mpira ukaugwetsa pansi umakaima kumtsinje.

Mayiyo anaika lichero pambali. Anandiyang'ana ine, kudutsa mitu ya anyamata onse aja. M'maso mwake munalibe mkwiyo. Anali atawonda. Chitenje anachimanga kawiri m'chiuno.

"Akapitawo," anatero, "inu simunayankhule. Muli ndi mawu?"

Onse anatembenuka. Ankadikira kuti ndimupemphe, poti ine ndinatema naye dothi lija, mwina akanandimvera chisoni. Mtengo wa golo unali udakali paphewa panga. Unkandilemera. Motobomba inkangolira, madzi akuyenda m'mizere pang'onopang'ono, akulowa pansi bwinobwino.

Ndinautula mtengowo m'mbali mwa njira, pamene sungaphwanye mbewu. Ndinapukuta manja pa buluku. Mlamu wanga anandiitana kamodzi, kenako kawiri. Ndinakwera njira ya kumudzi, bondo likundikoka.