Kamotoka kosalira ka ku Kanyama

Imwe amene mwalema na moyo, nikuuzeniko za Monde, mkazi wa malemu mwana wanga Kabwe.

Pamaliro Monde sanalire mokweza, ndipo anthu anakamba. Titaika, abale anagawana vinthu. Mashini owotcherera anapita, firiji inapita. Iye anatsala na matiresi na kamotoka kamene anali kupanga na Kabwe, kosatha. Kafupi monga bedi, mipando iwiri chabe, kopanda denga. Kabwe anali kufuna kaziyenda na malaiti a mabatire, osati petulo, kazithamanga. Mkulu wake wa kwa atate ake aakulu, ba Chalwe, anati ni vitsulo chabe, mvula ikatha kakapimidwe pa sikelo ku Heavy Industrial Area.

Monde anagwada, napempha kuti kakalira kasagulitsidwe. Ba Chalwe anaseka, anavomera.

Kuseni anali kugulitsa vitumbuwa, masana kubwereka mashini kwa aneba. Mabatire anapeza akale a sola. Poyamba anawaika kumbuyo, pamwamba, kuopa madzi, pakuti kuno ku Kanyama mvula ikagwa timavala magambutsi na m'nyumba momwe. Kanayenda pang'ono, pa kona kanagubuduka. Monde anathyoka chala. Apanso sanalire. Anangoti cholemera chifunika pansi.

Anatola bokosi la firiji yakufa, anaikamo mabatire, namata na mphira wa chubu kuti madzi asalowe, nalimanga pansi pa mipando. Vitsulo vosafunika anadula kuti kapepuke.

Mvula inatha. Ba Chalwe anabwera na lole. Monde anakhala pa mpando, nadina batani. Zii. Utsi kulibe, chongo cha injini kulibe.

"Mulamu, kakana kulira," anatero ba Chalwe. "Khalani momwemo mugwire chiwongolero, tikankhire ku lole."

Anapita kumbuyo, naika manja.

"Chotsani manja, mulamu. Kalira kale."

Iwo sanamve. Monde anaponda. Kamotoka kanachoka monga kabayidwa, ba Chalwe anagwa chafufumimba m'matope otsala. Pa kona ija, pa mpopi, kanakhota osapendekeka, kanabwera kuima pa mapazi anga. Lole inabwerera yopanda kanthu.

Manje Monde ali na shedi yake na mashini ake. Akupanga kachiwiri, ka munthu wa ku mayadi. Koyamba sagulitsa.

Ananikwezako kamodzi. Kamayamba liwiro pomwepo, kulibe magiya, umangomva mphepo na miyala pansi. Kabwe naye anali tero, mwana wosakamba, umangoona ntchito yatha. Tili pa msewu ninayang'ana Monde. Misozi inali kutsika, iye maso kutsogolo.

Ndiye imwe, anthu akaimirira kumbuyo kwanu kunena kuti chanu chakana, musakangane nawo. Anthu amamvera chongo. Osataya mtima, pondani chabe.